Momwe mungaonere m'botolo mmene tizilombo timawoletsera zinthu m'madzi a m'nyanja opanda okosijeni

Nsomba zikafa m'nyanja yamchere, kapena ndere ndi tizamoyo ting'onoting'ono toyandama pamwamba tija tikafa, zotsalira zake zimamira pang'onopang'ono kupita pansi, ndipo panjira mabakiteriya amakhala akuzidya kwinaku akumaliza okosijeni wa m'madzimo. Okosijeniyo m'madzi ndi wochepa kale, kawirikawiri sakwana mamiligalamu 10 pa lita imodzi, ndiye pamalo pomwe zakufa zikugwa zambiri koma madzi sakusakanikirana, amatheratu. Anthu ambiri amaganiza kuti zikafika apa kuwola kumaima. Sikuima ayi, pamangolowa magulu ena a tizilombo omwe amapuma zinthu zina m'malo mwa okosijeni, ndipo zimenezi mutha kuziona ndi maso anu m'botolo. Njirayi anaiyamba ndi wasayansi Sergei Winogradsky m'zaka za m'ma 1880, mpaka pano imadziwika ndi dzina lake, Winogradsky column.

Choyamba pezani zipangizo. Botolo loonekera mkati la malita awiri, matope, madzi a pamalo omwe mwatenga matopewo, nyuzipepala yakale yong'ambang'amba, choko chogaya kapena zikhokho za dzira zosinja, ndi gypsum pang'ono, ufa woyera wa mwala wokhala ndi sulufule womwe amapangira pulasitala. Ngati gypsum palibe, chikasu cha dzira lowiritsa chimathandiza chifukwa muli sulufule. Matope abwino kwambiri ndi a m'mphepete mwa nyanja yamchere, makamaka pomwe mtsinje ukuthira m'nyanja kapena pansi pa mitengo yomera m'madzi amchere yotchedwa mangrove, aja oti ukakumba pang'ono ndi akuda komanso onunkha. Tengani a pamwamba ndi a pansi pomwe, chotsani miyala ndi timitengo.

Ngati muli kutali ndi nyanja yamchere musataye mtima, matope a padziwe amagwiranso ntchito, kungoti musathire mchere wambiri pofuna kutsanzira nyanja. Madzi a m'nyanja ali ndi mchere pafupifupi magalamu 35 pa lita ndipo tizilombo tozolowera madzi opanda mchere sitingapirire zimenezo. Komanso chomwe tikufuna kwenikweni m'madzi a m'nyanja si mchere wothira m'chakudya uja ayi, ndi sulfate, mchere wina wokhala ndi sulufule ndi okosijeni, yemwe alimo pafupifupi magalamu 2.7 pa lita, pomwe m'madzi a mumtsinje ndi wochepa kwambiri. Ntchito ya gypsum ndi imeneyo, kuika sulfate m'matopemo.

Chachiwiri, gawani matope pawiri. Gawo laling'ono musakanize ndi mapepala odzaza dzanja, supuni imodzi ya choko ndi supuni imodzi ya gypsum, muthire madzi mpaka akhale phalaphala. Mapepalawo akuimira zakufa zomwe zimagwa pansi pa nyanja, choko chimateteza kuti asidi asachuluke komanso chimapereka kaboni. Ikani osakanizawo pansi pa botolo, kenako pamwamba pake matope opanda kanthu mpaka botolo lidutse theka, n'kumaliza ndi madzi, kusiya kampata ka mpweya kukamwa.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: kusiya timatumba ta mpweya m'matope. Muziika pang'onopang'ono, kugogoda botolo pansi ndi kutsindira ndi kamtengo, chifukwa kathovu kalikonse kotsala ndi okosijeni, ndipo nkhani yonse yagona pa kusowa kwa okosijeni pansipo. Mukatero vindikirani ndi pepala la pulasitiki lomanga ndi mphira, kapena chitsekerero chosamangitsa, poti mkati mumatuluka mpweya ndipo botolo lotsekedwa kwambiri limatha kufufuma n'kuphulika.

Ikani pafupi ndi zenera pomwe pali kuwala koma dzuwa silikuwomba mwachindunji, lingatenthe. Jambulani chithunzi tsiku loyamba, kenako sabata iliyonse. Madzi akamachepa onjezerani.

Tsopano chotsala ndi kudikira, ndipo kudikirako kumakoma ukamadziwa zomwe zikuchitika mkatimo. Masiku oyambirira mabakiteriya opuma okosijeni amamaliza wonse wotsala m'matope. M'matope a m'mphepete mwa nyanja okosijeni amalowa mamilimita ochepa chabe, pansi pake mulibe. Ndiye pansipo mabakiteriya ngati Clostridium amayamba kuphwanya mapepala aja, kuwasandutsa timaasidi, mowa wochepa, hydrogen ndi kaboni dayokisaidi. Iwowa samaliza ntchito, koma zomwe akutayazo ndi chakudya cha anzawo, palibe gulu limodzi lomwe limawoletsa chinthu lokha kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Omalizitsawo amabwera motsatana malinga ndi chomwe chikupereka mphamvu zambiri. Okosijeni akatha, oyamba ndi opuma nitrate (mchere wokhala ndi nayitirojeni womwe umapezekanso m'feteleza), omwe amamusandutsa mpweya wa nayitirojeni. Nitrate akatha pamabwera ogwiritsa ntchito chitsulo chotchedwa manganese, kenako ayironi wa m'matope. Kenako ndi pomwe pamafika opuma sulfate, monga Desulfovibrio, ndipo m'nyanja yamchere amenewa ndi akuluakulu a ntchitoyi chifukwa sulfate ndi wosatha msanga. Wasayansi wa ku Denmark Bo Barker Jørgensen anaonetsa mu 1982 kuti m'matope a m'mbali mwa nyanja, mpaka theka la zakufa zonse zimawoletsedwa kudzera m'njira imeneyi. Theka lathunthu, popanda okosijeni ngakhale pang'ono, ine zimenezi zimandigometsa kwambiri. Sulfate akatha pansi penipeni pamatsala tizilombo ta mtundu wina totchedwa archaea, timene timatulutsa mpweya woyaka wotchedwa methane.

Chizindikiro choyamba chomwe muone, kawirikawiri pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, ndi madontho akuda pansi pa botolo omwe amakula mpaka gawo lonse kuda bii. Opuma sulfate aja amatulutsa hydrogen sulfide, mpweya wonunkha ngati dzira lowola, ndipo ukakumana ndi ayironi wa m'matope umapanga zakudazo. Mukaona kuda kumeneko dziwani kuti zatheka. Koma chonde, mpweyawu ndi wapoizoni, osaika mphuno pakamwa pa botolo, mukafuna kutsegula tsegulirani panja, ndipo muzisamba m'manja mukagwira matope.

Pakati pa masabata 4 ndi 8 mitundu imayamba kuoneka mbali yoyang'ana kuwala. Pamwamba pa zakuda paja pamabwera kobiriwira, ndi mabakiteriya ngati Chlorobium, ndipo pamwamba pake kofiirira kapena kwapepo, Chromatium ndi anzake. Onsewa amagwiritsa ntchito kuwala kupanga chakudya, koma m'malo mwa madzi amatenga hydrogen sulfide ija, ndiye satulutsa okosijeni. Pamwamba penipeni ndi pomwe pali ndere ndi mabakiteriya otchedwa cyanobacteria, zonse zotulutsa okosijeni. Nthawi zina pamalire pomwe okosijeni wochokera kumwamba akukumana ndi sulfide wochokera pansi pamaoneka kaulusi koyera, ameneyo akhoza kukhala Beggiatoa, yemwe Winogradsky mwini anamufufuza mu 1887 n'kupeza kuti amapeza mphamvu kuchokera ku sulufule. Mizereyi siikhala yowongoka ngati ya m'mabuku, imabwera zigambazigamba, musadandaule nazo.

Mukafuna kuphunzira zenizeni pangani mabotolo angapo nthawi imodzi ndi matope omwewo. Lina likhale ndi gypsum lina lopanda, muone lomwe lide msanga. Lina mulikulunge lonse kuti kuwala kusalowe, kudako kubwerabe koma zobiriwira ndi zapepo zija ayi, ndipo limeneli ndi lomwe likufanana kwambiri ndi pansi pa nyanja yakuya pomwe dzuwa silifika. Lina muchulutse mapepala kawiri, muone mmene kudako kukwerere m'mwamba mpaka madzi apamwamba nawo ayambe kununkha.

Botolo lomalizali ndi lomwe ndimafuna kuti aliyense alione, chifukwa n'zomwe zikuchitika ku Gulf of Mexico, nyanja ya kumwera kwa United States, ndi ku Baltic Sea, nyanja ya kumpoto kwa Ulaya. Feteleza wokokoloka m'minda amalowa m'mitsinje ngati Mississippi, ndere zimachuluka mopitirira, zimafa, zimamira, mabakiteriya amamaliza okosijeni wa pansi, nsomba zimathawa ndipo zamoyo zosatha kuthawa zimafera pomwepo. Kwina zimachitika mwachilengedwe, monga ku Black Sea komwe kupitirira mamita 150 mpaka 200 kupita pansi madzi alibe okosijeni ndipo ndi odzaza sulfide, komanso ku Arabian Sea, kugombe la Peru ndi la Namibia. Ku Namibia komweko ndi komwe kunapezeka Thiomargarita namibiensis, bakiteriya wolengezedwa mu 1999 yemwe amakula mpaka mamilimita 0.75, woti mutha kumuona popanda maikulosikopu, ndipo amasunga nitrate m'thupi mwake kuti azigwiritsa ntchito popeza mphamvu kuchokera ku sulfide nthawi yomwe okosijeni palibe.

Botolo lanu litha kukhala miyezi yambiri, ngakhale kupitirira chaka, likusinthasinthabe bola madzi asaume. Mukathana nalo tsegulirani panja, matopewo kwirirani m'nthaka, osawathira mumtsinje kapena pachitsime.