Momwe mungakwerere phiri la Kasungu osasochera komanso osalakwira eni dera

Mukamachokera ku Lilongwe pa msewu wa M1, phiri la Kasungu limaoneka musanafike n'komwe pa boma, lili lokhalokha pakati pa chigwa. Ambiri timangolidutsa, koma limakwereka bwinobwino tsiku limodzi.

Choyamba sankhani nyengo. Kuyambira May mpaka August kumakhala kozizirira ndipo miyala siterera. Mu October dzuwa la kuno silichita nthabwala, komanso ndi nthawi ya lupsa. M'dzinja udzu umabisa njira ndi njoka zomwe.

Kenako, ndipo apa ndi pamene alendo ambiri amaphonya, musangotsika kabaza n'kulunjika kumtunda ngati phirilo lilibe eni. M'tsinde mwake muli midzi ndi minda ya anthu. Funsani kwa a mfumu, perekani moni mwaulemu, nenani komwe mwachokera ndi chimene mwadzera. Pemphani mnyamata wodziwa njira, ndipo mugwirizane za ndalama yake musananyamuke, osati pobwerera aliyense atatopa. Iyeyu ndi amene angakuuzeni kuti kanjira aka n'ka otola nkhuni ndipo kathera pathanthwe, kapena kuti nkhalango yowirira iyo ndi manda. Kuno n'kwa Achewa, kumanda ndi kudambwe salowako mwachisawawa. Foni nayo isamangojambula amayi ali pa mjigo musanapemphe.

Nyamukani m'mamawa dzuwa lisanakwere. Tengani madzi osachepera malita 2 munthu aliyense, nsapato zogwira pansi, chipewa ndi buluku lalitali chifukwa cha chitedze. Amene chinamuyabwapo sasowa kumufotokozera. Kamba mugule pamudzi pomwepo: nthochi, mtedza, mbatata yootcha, zitumbuwa. Ndalamayo itsale m'manja mwa eni phiri.

Pokwera yendani mwa liwiro la amene ali wochedwa pagulu lanu. Pamalo otsetsereka gwiritsani manja, ndipo musaike dzanja m'ming'alu yomwe simukuona mkati.

Pamwamba mpamene mudzaona chifukwa chake mwavutika: tawuni yonse ya Kasungu, minda ya fodya ndi zigafa zake, ndi Nguru ya Nawambe, nyumba ya Kamuzu Banda. Pumani, idyani, mabotolo ndi majumbo mubwerere nazo. Moto musayatse.

Yambani kutsika isanakwane 2 koloko masana, pakuti maondo amanjenjemera potsika kuposa pokwera. Mukafika pansi, kadzereninso kwa a mfumu kukatsazika, adziwe kuti nonse mwatsika.