Momwe mungasankhire graphics card yotsika mtengo yogwirizana ndi power supply yomwe muli nayo kale

Anthu ambiri akafuna kuti kompyuta yawo izikwanitsa magemu kapena kukonza makanema, maso amathamangira pa graphics card, khadi lomwe limapanga zithunzi zooneka pa sikirini. Amayerekeza mayina, kuwerenga ma GB, kufunsa mitengo, basi n'kugula. Akatsegula bokosi la kompyuta m'pamene amazindikira kuti mulibe waya wolowa pa khadilo, kapena lalowa bwinobwino koma gemu ikangofika pokoma makina akuzima okha. Ine ndimalangiza kuti muyambire kwa power supply. Iyo ndiyo ikuuzeni khadi loti mugule.

Choyamba, werengani chomata cha pa power supply

Zimitsani kompyuta, zulani pulagi kukhoma, kenako masulani chivundikiro cha m'mbali. Power supply ndi kabokosi kachitsulo komwe waya wochokera kukhoma amalowa, ndipo pambali pake pamakhala pepala lomata lodzaza manambala. Kawirikawiri limakhala litakwiririka ndi fumbi. Lipukuteni ndi kansalu kouma, liwalitseni ndi tochi ya foni, mulijambule kuti mukawerenge mutakhala pansi. Kabokosi kenikeniko musakatsegule, chifukwa mkati muli zipangizo zomwe zimasunga magetsi ngakhale pulagi mutazula.

Nambala yaikulu yolembedwa pamwamba, monga 450W, musaikhulupirire msanga. Funafunani polembedwa +12V, chifukwa graphics card ndi purosesa (ubongo wa kompyuta) zimadyera pamenepo. Pansi pake pali nambala yothera ndi chilembo A. Ichulukitseni ndi 12. Ngati palembedwa 36A, ndiye kuti muli ndi mawati 432, ndipo power supply yoteroyo ikunena zoona. Koma ngati palembedwa 18A, muli ndi mawati 216 okha, ngakhale pamwamba pakuoneka 450W yonenepa. Mawati otsalawo ali pa 3.3V ndi 5V, ndipo khadi lanu silipindula nawo kwenikweni. Zoterezi zimachuluka pa ma power supply opanda dzina lodziwika, aja opepuka ngati mulibe kanthu mukawanyamula. Mukapeza 12V1 ndi 12V2, musangophatikiza nokha. Pansi pake amalemba mawati a ziwirizo pamodzi, tengani amenewo.

Chizindikiro cha 80 Plus chimangonena kuti magetsi ochepa ndiwo amatayika ngati kutentha. Sichikutsimikizirani kuti zam'kati n'zolimba.

Chachiwiri, yang'anani mawaya omwe alipo

Mpata wa PCIe, momwe khadi limakhazikika pa motherboard (bolodi lalikulu lomwe zipangizo zonse zimalumikizidwapo), umapereka mawati 75 pawokha. Khadi lofuna oposa pamenepo limafunika waya wake wochokera ku power supply. Wa mapini 6 amawonjezera mawati 75, wa mapini 8 amawonjezera 150. Mawaya ambiri amabwera ndi mapini 6 ndi kena kamapini 2 kolendewera pambali, ndipo mukazilumikiza zimakhala 8. Samalani ndi waya wina wa mapini 8 wopita ku purosesa, amene nthawi zambiri amagawika pakati, anayi uku anayi uku. Amafanana m'maonekedwe koma magetsi ake anayalidwa mosiyana. Ukakana kulowa, musaukakamize.

Ngati waya wa khadi mulibe, wina adzakuuzani kuti mungogula adaputala yochoka pa waya wa SATA, uja wopereka magetsi ku ma disiki. Apa ndimakana ndithu. Pulagi ya SATA inapangidwira mawati pafupifupi 54 pa 12V, tsono kuikakamiza kuti idyetse khadi la mawati oposa 100 n'kuyitanira moto m'nyumba. Ndinagwirapo imodzi yotereyi m'manja: pulasitiki inali itasungunuka n'kumatirira, mapini atada bii, fungo lake lisakuchoka m'bokosi. Opanga power supply akapanda kuikapo waya wa khadi, nthawi zambiri amakhala akudziwa kuti singakwanitse.

Chachitatu, kachitani masamu pang'ono

Fufuzani mawati a purosesa yanu. Zambiri za pakatikati zimalembedwa 65, ngakhale zimatha kupyola pamenepo zikapanikizika. Onjezerani mawati ngati 50 a motherboard, RAM, ma disiki ndi mafani, kenako a khadi lomwe mukulilakalaka. Zonsezo zisafike m'mphepete mwa nambala ija ya 12V. Ine ndimasiya malo osachepera gawo limodzi mwa magawo asanu, chifukwa khadi limatha kukoka magetsi ambiri mwadzidzidzi m'kanthawi kochepa, komanso power supply ikamakalamba imafooka. Pa mawati 432, purosesa ya 65, mawati 50 aja ndi khadi la 132 zikukwana 247, ndipo mpata ulipo wambiri. Pa mawati 216, khadi lomwelo iwalani.

Chachinayi, sankhani khadi m'gulu lanu

Ngati mulibe waya wa khadi, kapena power supply yanu ili m'ma 300W, gulu lanu ndi la makhadi odyera pa motherboard pokha. Pamenepa ndimakonda RTX 3050 ya 6GB ya Nvidia, yomwe inatuluka mu 2024 ndipo imadya mawati 70. Onetsetsani kuti ndi ya 6GB, chifukwa RTX 3050 ya 8GB imadya 130 ndipo imafuna waya. GTX 1650 ya mu 2019 imadya 75 ndipo ikadali yothandiza, kungoti mitundu ina yake ili ndi polowetsa waya wa mapini 6, choncho muziona chithunzi cha khadi lenilenilo musanalipire. RX 6400 ya AMD imadya mawati 53 okha, koma imachepa liwiro pa motherboard yakale ya PCIe 3.0, ndipo ilibe mbali yothandiza kujambula makanema a zomwe mukusewera. GT 1030 imadya 30, ndipo n'njabwino kuonera makanema ndi timagemu topepuka. Mukaisankha, tengani ya memory yotchedwa GDDR5, ya DDR4 n'njofooka kwambiri ngakhale dzina n'limodzi.

Ngati muli ndi 450W yeniyeni ndi waya wa mapini 8, mwayi wanu wakula. RX 6600 imadya 132, GTX 1660 Super imadya 125, ndipo opanga onse awiri, AMD ndi Nvidia, amalangiza power supply ya 450W. RTX 4060 imadya 115 yokha, ngakhale Nvidia amalemba 550W. Manambala olangizidwawa amawakweza dala poganizira anthu okhala ndi purosesa yadyera kapena power supply yokayikitsa, n'chifukwa chake masamu anu aja ali ofunika.

Pa makhadi ogwiritsidwa kale ntchito, RX 580 ya mu 2017 imakopa ambiri chifukwa mtengo wake unatsika. Koma imadya mawati 185. Ndalama yomwe mwapulumutsa pogula mukhoza kukaithera pa power supply yatsopano.

Chachisanu, yezani malo

Tengani rula muyeze kutalika kwa malo omwe khadi likakhale. Makompyuta ang'onoang'ono a muofesi, monga ena a Dell, HP ndi Lenovo, amalandira makhadi aafupi okha otchedwa low profile, ndipo power supply yake nthawi zambiri imakhala yaing'ono komanso ya mapulagi akeake, yosasinthika ndi wamba. Onaninso ngati khadilo lili ndi polowetsa waya wa sikirini yanu, chifukwa makhadi atsopano alibe VGA, polowetsa waya wa masikirini akale.

Chomaliza, liyeseni likugwira ntchito yolemetsa

Mukaika khadi ndi madiraiva ake (mapulogalamu oliyendetsa), lumikizani sikirini ku khadilo osati ku motherboard. Tsegulani gemu yolemera musewere kwa ola lathunthu, pulogalamu ya GPU-Z kapena HWiNFO ili yotsegula kuti muziona mawati ndi kutentha. Kompyuta ikazima mwadzidzidzi kapena kuyambiranso yokha popanda uthenga uliwonse, woyamba kumukayikira ndi power supply. Mutha kutsitsa malire a mphamvu ya khadi kufika pa 80 peresenti ndi pulogalamu ya MSI Afterburner, liwiro limangochepa pang'ono. Koma mukamva fungo la chopserera, kapena waya akatentha moti simungamugwire, zulani pulagi nthawi yomweyo ndipo musayatsenso mpaka power supply itasinthidwa.