Momwe mungasankhire mahedifoni otchinga phokoso opanda waya pa ndalama zochepa

Kumene ndimagwirira ntchito, magetsi akangozima jenereta ya shopu yoyandikana nafe imayamba kulira, ndipo siipuma mpaka madzulo. Chaka chatha mutu utandikwana, ndinalowa mutauni kukagula mahedifoni aakulu aja ophimba khutu lonse. Pabokosi panali mawu akuti "noise cancelling" m'zilembo zikuluzikulu, wogulitsa n'kundilumbirira kuti ndi orijino, ine n'kulipira. Nditawavala ku ofesi, jenereta inkamveka monga mwa masiku onse. M'mawa mwake ndinabwerera nawo, koma anandiuza kuti katundu akatuluka m'shopu sabwerera. Ndalama imeneyo imandiwawabe, n'chifukwa chake ndalemba izi kuti inu mukapite kogula mukudziwa choyang'ana.

Choyamba: dziwani phokoso limene mukufuna kuthawa

Mahedifoni otchinga phokoso enieni amakhala ndi timaikolofoni tomvetsera zimene zikulira kunja. Kachipangizo ka mkati kamapanga mawu ena otsutsana ndi phokosolo, ndipo ziwirizi zikakumana pakhutu panu zimafafanizana. Luso limeneli ndilo limalembedwa ANC pabokosi. Si lachilendo: katswiri wa ku Germany, Paul Lueg, analifotokoza kale m'zaka za m'ma 1930, ndipo kampani ya Bose inayamba kugulitsa mahedifoni otere kwa oyendetsa ndege mu 1989, kenako kwa anthu wamba mu 2000.

Mbiri imeneyi ikukuuzani kale mphamvu yake ndi malire ake. Anawapangira kulira kwa injini ya ndege, phokoso lamabesi losasinthasintha. Choncho jenereta, chigayo cha dizilo, fani, firiji, injini ya basi pa ulendo wautali wopita ku Johannesburg, zonsezi amazichepetsa kwambiri. Koma tambala akalira pawindo, mwana akakuwa, oitanira minibasi akamakangana, kapena hutala ikalira mwadzidzidzi, mudzamvabe ndithu, kungoti chapansipansi. Mawu otere amasintha mofulumira kwambiri moti kachipangizo sikawapeza, ndipo chimene chimawachepetsa ndi mapilo a mahedifoniwo basi. Ngati vuto lanu ndi anthu olankhula muofesi, yang'anani kwambiri mapilo okhuthala ogwira bwino khutu.

Chachiwiri: musasokoneze ANC ndi ENC

Apa ndi pamene ine ndinagwera m'mbuna. Pali zilembo zina, ENC, ndipo ena amalemba CVC. Zimenezi zimayeretsa mawu anu pa foni kuti munthu amene mukulankhula naye asamve phokoso lakumbuyo kwanu. Khutu lanu silipindula nazo chilichonse. Opanga mahedifoni otchipa ambiri amalemba "noise cancelling" kutsogolo, ENC n'kuibisa kumbuyo m'zilembo zing'onozing'ono. Ngakhale makampani odziwika monga Oraimo, ya m'banja limodzi ndi Tecno ndi Itel, ali ndi mitundu iwiri yonse, ndiye dzina la kampani palokha silikwanira. Tembenuzani bokosi, funani zilembo ANC. Mukaona "Hybrid ANC" ndiye bwino kwambiri, chifukwa zikutanthauza kuti timaikolofoni tili kunja ndi mkati momwe. Kenako yang'anani pa mahedifoniwo ngati pali batani lolembedwa ANC kapena NC. Opanda batani loyatsira ndi kuzimitsira amakayikitsa.

Chachitatu: pitani muli ndi mayina m'mutu

Mitengo ndiitchula m'madola momwe inalili potuluka, chifukwa chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 mtengo wa pashelefu sukhalitsa. Mafumu a mahedifoni awa, monga Sony WH-1000XM5, anatuluka pa madola pafupifupi 400, ndipo AirPods Max ya Apple pa 549. Ife tikukamba za a pakati pa madola 50 ndi 150.

Soundcore Q20i, ya kampani ya Anker, inatuluka cha m'madola 60. Batire lake limakhala maola 40 ANC ili yoyaka. Mkulu wake, Soundcore Life Q30, anatuluka mu 2020 pa madola 80, maola ndi omwewo 40, ndipo mukangomutchaja mphindi 5 amakupatsani maola 4. Kwa ife amene magetsi amabwera n'kuchokanso, zimenezi n'zofunika kuposa zokongoletsa zonse za pabokosi. Sony WH-CH720N, ya mu 2023, inatuluka pa madola 150, imakhala maola 35, ndipo ndi yopepuka kwambiri, magalamu 192 okha, moti pamutu simuimva kulemera. Palinso JBL Tune 770NC ndi 1MORE SonoFlow, zimene batire lake limapitirira maola 40 ANC ili yoyaka. Ine nditapsa ndi amene ndinagula mutauni aja ndinagula Q30, ndipo kwa munthu wa ndalama zochepa ndimaona kuti palibe chifukwa chopitirira pamenepo, pokhapokha ngati mutu wanu umatopa msanga ndi kulemera, apo Sony ndiyo yoyenera.

Powerenga maola a batire, samalani. Nambala yaikulu ya kutsogolo kwa bokosi nthawi zambiri imakhala ya pamene ANC yazimitsidwa. Yeniyeni ndi yaing'onoyo. Ndipo mukaona mahedifoni ooneka ndendende ngati AirPods Max akugulitsidwa pa mtengo wa nkhuku ziwiri, dziwani kuti afanana chikopa chokha.

Chachinayi: yesani ndi khutu lanu musanatulutse ndalama

Ili ndilo gawo limene likanandipulumutsa, ndipo silitenga mphindi 15. Wogulitsa akakana kuti muyese, thokozani, tulukani.

Lumikizani mahedifoniwo ku foni yanu, osati ya wogulitsa. Musayike nyimbo. Ogulitsa amakonda kukuyatsirani nyimbo yamabesi mokweza n'kufunsa kuti, "Mukundimva, bwana?" Simungawamve, inde, koma ngakhale mahedifoni wamba amachita zimenezo. Inu imani pafupi ndi chinthu cholira mosalekeza: fani ya m'shopu, firiji ya zakumwa, jenereta ya panja, kapena pakhomo poyang'ana msewu pomwe minibasi yaima injini ikulira. Valani, dinani batani la ANC, dikirani masekondi atatu. Ngati ndi yeniyeni, kulira kuja kumatsika mwadzidzidzi ngati wina watseka chitseko cholemera. Zimitsani, phokoso libwerere. Bwerezani katatu. Ngati mwayamba kudzifunsa kuti kaya pasintha kaya ayi, ndiye kuti sipanasinthe.

Muli chomwecho, mvetserani kaphokoso kakuti sii mkati. Otchipa ambiri ali nako pang'ono ndipo kamabisika nyimbo ikayamba, koma kakakhala kokweza kadzakutopetsani usiku powerenga. Anthu ena amamvanso ngati makutu atsekeka, monga zimachitikira galimoto ikamakwera phiri la Zomba. Ena amazolowera, ena zimawapatsa chizungulire. Ndi bwino muzidziwire m'shopu momwemo.

Kenako yesani ngati ndi orijino. Makampani enieni ali ndi pulogalamu yake ya pafoni: Soundcore ili nayo ya dzina lomwelo, JBL ili ndi JBL Headphones, Sony ili ndi Sound Connect, imene kale inkatchedwa Headphones Connect. Ikani pulogalamuyo muli kunyumba kuti musawononge bandulo m'shopu. Mahedifoni enieni pulogalamu imawazindikira n'kuonetsa chithunzi chake ndi kuchuluka kwa batire. Achinyengo nthawi zambiri amalumikizika pa Bluetooth bwinobwino, dzina n'kuoneka lolondola, koma pulogalamu siwapeza.

Musawavule msanga. Khalani nawo pamutu mphindi khumi. Khutu lonse lilowe mkati mwa pilo, lisapindike kapena kukhudza sipika. Ngati mumavala magalasi a maso, yesani mutawavala, chifukwa timiyendo ta magalasi timasiya kampata, phokoso n'kumalowera pomwepo. Amayi oluka tsitsi lalikulu kapena ovala duku, onani ngati lamba wa pamwamba akutambasuka mokwanira. Gwedezani mutu, yasamulani, mumve ngati pulasitiki ikulira kwekwe. Pomaliza imbirani munthu foni muli pakhomo la shopu, mumufunse ngati akukumvani bwino.

Zotsala n'zachidule. Potchajira pakhale pa USB-C, kuti chaja ya foni yanu, ngati ndi ya mtundu womwewo, igwirenso ntchito. Pakhale kabowo ka waya wa 3.5 mm, ndipo wayayo akhale m'bokosi, kuti batire likatha muzimverabe. Ngati mumagwiritsa ntchito laputopu ndi foni nthawi imodzi, funsani ngati amalumikizika ku zipangizo ziwiri, monga amachitira Q30 ndi CH720N. Za LDAC, njira ina yotumizira mawu pa Bluetooth, musavutike nazo: iPhone siigwiritsa ntchito, ndipo nyimbo zotumizirana pa WhatsApp sizisintha nayo. Tengani lisiti lolembedwa dzina la mahedifoni ndi masiku amene mungabweze.

Ngati mukuitanitsa kunja

Ambiri timadalira abale a ku Joni, amene angagule pa shopu ya pa intaneti ya Takealot kapena m'mashopu akuluakulu, ndipo a ku Britain amagula pa Amazon. Atumizireni dzina lonse ndi nambala yake, chifukwa JBL Tune 720BT ndi Tune 770NC zimaoneka ngati mapasa koma yoyambayo ilibe ANC. Apempheni atsegule, ayese batani lija ndi pulogalamu asanapereke kwa a thiransipoti, popeza kubweza katundu wofika kale ku Lilongwe kapena ku Chipata n'kovuta. Muwerengerenso ndalama ya onyamula ndi msonkho wa pachipata musanaganize kuti mwapeza zotchipa.

Mukafika nawo kunyumba

Atchajeni adzaze, muwalumikize ku pulogalamu, ndipo ikakuuzani kuti pali zatsopano zoti muike, ikani batire lili lodzaza. Ambiri otchipa amabwera mabesi atachuluka mpaka mawu a woimba kumira. M'pulogalamu momwemo tsitsani mabesi pang'ono, mudzamva kusiyana pa ulaliki, nkhani ndi maphunziro a pa intaneti.

Phindu lalikulu la ANC, kwa ine, ndi loti simufunikanso kukweza volyumu kuti mugonjetse phokoso. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati achinyamata oposa 1 biliyoni ali pa chiopsezo chowononga makutu chifukwa cha kumvera mokweza, ndipo malire abwino kwa munthu wamkulu ndi madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata. Njira yosavuta ndi kusapitirira 60 peresenti ya volyumu ya foni. Khutu likawonongeka ndi phokoso silibwerera mwakale, ndipo kulira kwa m'makutu mukavula ndi chenjezo loti mwapyola.

Pamsewu, chonde, zimitsani ANC kapena dinani batani lolowetsa mawu akunja, limene pulogalamu imalitcha transparency kapena ambient. Njinga zamoto za kabaza zimatulukira kumbuyo mosayembekezereka, ndipo kulira kwa injini ndiko kumene ANC imadya bwino kwambiri. Woyendetsa njinga kapena galimoto asavale n'komwe. M'depoti ndi mumsika, aikeni m'chikwama.

Chimene chimayamba kutha si batire, ndi mapilo. Chikopa chake n'chopanga, ndipo thukuta la mu Okutobala pamodzi ndi mafuta odzola zimachisenda mpaka tizidutswa takuda kumatsalira m'makutu ndi pakolala. Pukutani ndi kansalu konyowa pang'ono mukavula, musawasiye padzuwa kapena m'galimoto yotseka, ndipo mvula isawagwere chifukwa ambiri satchinga madzi. Kutchaja ndi power bank kapena sola ya panyumba palibe vuto. Mapilo akasendeka, phokoso limayambanso kulowa ndipo mungaganize kuti ANC yafa. Musawataye: mapilo a mitundu yodziwika ngati Q30 ndi CH720N amagulitsidwa paokha pa intaneti, ndipo mukhoza kusintha nokha pakhomo. Pamene m'bale wanu akukugulirani mahedifoniwo, mupempheni aikemo ndi mapilo ena apadera m'katundu yemweyo.