Momwe mungalondolere kupupuluma komwe kudapha Romeo ndi Juliet

Mukafunsa amene adawerengapo sewero la William Shakespeare lija, Romeo and Juliet, kuti chidapha ana awiriwa n'chiyani, ambiri amati ndi chidani cha makolo awo, a Montague ndi a Capulet. Ena amangoti linali tsoka. Zonsezi zilimodi m'seweroli, koma sizikwanira. Chidanicho n'chakalekale, ndipo akuluakulu a mabanja awiriwa akalamba nacho ali amoyo. Chomwe chikusandutsa chidani chakalechi kukhala imfa za anthu 6 m'masiku ochepa ndi liwiro lomwe aliyense akuchitira zinthu.

Njira ili m'munsiyi ithandiza wophunzira, mphunzitsi, kapena gulu la zisudzo lomwe likufuna kuonetsa seweroli. Mukhale ndi buku, pepala lalikulu ndi zolembera ziwiri zosiyana mtundu.

Choyamba: lembani masiku

Gawani pepala m'mizere, tsiku lililonse mzere wake. Atengambali amatchula masiku ndi maola pafupipafupi, ndiye inu muzingotola.

Lamulungu m'mawa antchito a mabanja awiriwa akumenyana mumsewu mumzinda wa Verona ku Italy, ndipo Kalonga Escalus akulamula kuti wodzayambitsanso ndewu adzaphedwa. Pa nthawiyi Romeo, mwana wa a Montague, akulirira mtsikana wina, Rosaline, yemwe sakumufuna. Madzulo akulowa mozemba pa phwando la a Capulet, akuona mwana wawo Juliet, Rosaline n'kuiwalika pomwepo. Usiku womwewo awiriwa akulonjezana ukwati.

Mzere wa Lolemba muusiyire malo ambiri. M'bandakucha Romeo ali kale pakhomo pa wansembe, Bambo Laurence. Masana ukwati wadalitsidwa mobisa. Patangodutsa ola limodzi Tybalt, msuweni wake wa Juliet, akubaya Mercutio, mnzake wa Romeo, Romeo akulipsira popha Tybalt, ndipo Kalonga akumupirikitsa mumzinda. Usiku, Romeo ali kuchipinda kwa mkazi wake, m'nyumba momwemo a Capulet akulonjeza Paris, m'bale wake wa Kalonga yemwe akufuna kukwatira Juliet, kuti Lachinayi amupatsa mtsikanayo.

Lachiwiri kukucha Romeo akuthawira ku mzinda wa Mantua. Juliet akumva za Paris, akukana, bambo ake akumuopseza kuti amutaya azikapempha mumsewu. Akuthamangira kwa wansembe, yemwe akumupatsa mankhwala ogonetsa munthu ngati wakufa kwa maola 42. Pobwerera kunyumba akunamizira kuti wavomera, ndipo a Capulet ndi chimwemwe akubweza ukwati kuti uchitike Lachitatu. Usikuwo Juliet akumwa mankhwala aja. Lachitatu m'mawa nyumba ya ukwati yasanduka siwa.

Akatswiri amasiyana pang'ono ngati zakumanda zikuchitika usiku wa Lachitatu kapena wa Lachinayi. Sankhani limodzi, palibe cholakwika. Chachikulu n'chakuti kuyambira pomwe awiriwa akuonana koyamba mpaka pomwe akugona limodzi m'manda sipakudutsa sabata.

Chachiwiri: dziwani zomwe mlembi adasintha

Shakespeare sadapeke nkhaniyi. Adaitenga m'ndakatulo yaitali ya Arthur Brooke ya mu 1562, yomwe gwero lake ndi nthano za ku Italy. Kwa Brooke zochitika zimatenga miyezi pafupifupi 9, ndipo awiriwa amakhala m'banja lawo lobisa kwa milungu yambiri Tybalt asanaphedwe. Juliet wa Brooke ali pafupi kukwanitsa zaka 16. M'sewero, lomwe lidasindikizidwa koyamba mu 1597, miyezi ija yafinyidwa kukhala masiku, ndipo Juliet ali ndi zaka 13 zokha. Mlezi wake akuti akwanitsa 14 pa 31 July. Lembani zimenezi pamwamba pa pepala. Ndi umboni woti liwiroli mlembi adaliika dala.

Chachitatu: chisankho chilichonse muchifunse mafunso anayi

Apa ndiye pagona ntchito yeniyeni, musathamangepo. Paliponse pomwe mtengambali wachita chinthu chosabwezeka, imani ndi kufunsa: wachita chiyani? Padutsa nthawi yotani kuchokera pomwe wamva nkhani kufika pomwe wachitapo kanthu? Alipo amene wamuchenjeza? Nanga n'chiyani chomwe sakudziwa, chomwe akadadziwa akadadikira pang'ono?

Yambani ndi lonjezo la ukwati mu gawo 2, kagawo 2. Mupeza chinthu chodabwitsa: wochenjeza woyamba ndi Juliet mwini wake. Akuuza Romeo kuti pangano lawoli labwera mwadzidzidzi, mosaganizira bwino, ngati ching'aning'ani chomwe chimazima munthu asanachiloze. Koma m'kagawo komweko ndi iye yemwe akutchula ukwati, n'kupangana kuti atumiza munthu mawa 9 koloko m'mawa. Musamuweruze msanga. Bwererani ku gawo 1, kagawo 3: tsiku lomwelo phwando lisanayambe, mayi ake amuuza kale za Paris. Mtsikanayu akudziwa kuti akazengereza ena amusankhira mwamuna.

Kenako gawo 3, kagawo 1, pomwe seweroli likutembenukira. Romeo akuyamba bwino kwambiri. Tybalt akumunyoza, iye akukana kumenyana. Mercutio akulephera kupirira manyazi, akusolola lupanga, Romeo akulowa pakati kuti aleretse, ndipo Tybalt akubaya Mercutio kudzera pansi pa mkono wa Romeo. Benvolio, msuweni wake wa Romeo, atangonena kuti Mercutio watisiya, Tybalt akutulukiranso. Werengani mizere yomwe ili pakati pa uthenga wa imfawo ndi kusolola lupanga kwa Romeo. Ndi yochepa zedi. Funso lachinayi likupweteka apa. Lamulo la Kalonga lidali litaperekedwa dzulo lake, ndipo Mercutio adali m'bale wake wa Kalongayo. Romeo akadaugwira mtima, Tybalt akadaweruzidwa ndi lamulo. A Montague akunena zomwezi poteteza mwana wawo, kuti iye wangomaliza zomwe lamulo likadamaliza. Koma kumaliza ndi dzanja lake n'komwe kwamuchotsa mu Verona, ndipo mavuto onse otsatira akuchokera pa mtunda womwe uli pakati pa Verona ndi Mantua.

Chitsanzo chachitatu ndi gawo 5, kagawo 1. Balthasar, wantchito wa Romeo, akufika ku Mantua ndi uthenga woti Juliet waikidwa m'manda. Romeo sakufunsa kuti wadwala chiyani, kapena wafa bwanji munthu yemwe adamusiya ali bwinobwino Lachiwiri m'mawa. Akuitanitsa mahatchi. Balthasar akumupempha kuti adekhe, poona nkhope yake. Kawiri konse Romeo akufunsa ngati pali kalata yochokera kwa wansembe. Atamva kuti palibe akuti zilibe kanthu. Akupita kwa wogulitsa mankhwala wina wosaukitsitsa, yemwe akudziwa kuti ku Mantua wogulitsa chiphe chotere amaphedwa, n'kumugonjetsa ndi ndalama zagolide 40. Atafika ku Verona sakudutsira kwa Bambo Laurence, munthu yekhayo amene akudziwa zoona. Pakhomo la manda akupha Paris. M'katimo akuona yekha kuti milomo ndi masaya a Juliet zikadali zofiira, n'kumayamikira kukongolako osadzifunsa kuti wakufa amaoneka chonchi ngati. Wansembe akufika Romeo atakhala m'mandamo theka la ola. Theka la olalo mulilembe ndi zilembo zazikulu.

Chachinayi: akuluakulu muwafunsenso mafunso omwewo

Ambiri amalekera pa ana, n'kumaliza ndi mawu oti achinyamata samva. Ine ndimaona kuti kutero n'kuwalakwira, ndipo seweroli silikunena zimenezo.

Taonani a Capulet. Mu gawo 1, kagawo 2, akuuza Paris kuti mwana wawo akadali wamng'ono, padutse zaka ziwiri. Limenelo ndi Lamulungu. Lolemba usiku, Tybalt atangophedwa kumene, bambo yemweyo akupereka mwanayo osamufunsa, ndipo akuti Lachitatu layandikira kwambiri, likhale Lachinayi. Lachiwiri akusinthanso kubwerera ku Lachitatu lomwe adalikana lija, mkazi wawo akudandaula kuti kwada ndipo zokonzekera sizikwana. Kusinthaku kukudula tsiku lathunthu pa nthawi yomwe wansembe amadalira kuti uthenga ufike ku Mantua.

Bambo Laurence ndi amene amalankhula mawu anzeru kuposa onse. Akuchenjeza Romeo kuti othamanga amapunthwa, zomwe ife timati kuthamanga sikufika. Koma m'kagawo komweko akuvomera kudalitsa ukwati tsiku lomwelo, poganiza kuti uyanjanitsa mabanja. Cholinga n'chabwino, njira yake ndi yachidule. Juliet atabwera ndi mpeni Lachiwiri, wansembeyu akadatha kupita kwa makolo kapena kwa Kalonga kukaulula kuti mtsikanayu ndi wokwatiwa kale. M'malo mwake akupanga chiwembu chomwe chikufuna kuti chilichonse chiyende pa nthawi yake ndendende. Ndipo kumanda, atamva alonda akubwera, akuthawa n'kusiya mwana wa zaka 13 pambali pa mtembo wa mwamuna wake.

Mlezi, yemwe adayendetsa mauthenga onse a ukwati, akutembenuka n'kulangiza Juliet kuti angokwatiwa ndi Paris. Mayi ake akumuuza kuti athana naye. Kwathu kuno timadziwa kuti ntchito ina ya ankhoswe n'kuchedwetsa zinthu mpaka mbali zonse zitamvana. Mu Verona ya seweroli mulibe wamkulu ndi mmodzi yemwe wogwira ntchito imeneyo.

Chachisanu: ngozi muzilembe ndi cholembera china

Ngozi zilimo. Wantchito wosadziwa kuwerenga akupempha Romeo, mwa anthu onse, kuti amuwerengere mayina a oitanidwa ku phwando. Bambo John, wansembe yemwe watumidwa ndi Bambo Laurence ku Mantua ndi kalata youza Romeo kuti Juliet sadafe, akutsekeredwa m'nyumba ndi oyang'anira mzinda pokayikira kuti mwalowa mliri. Oonerera oyamba sadadabwe nazo, popeza mliri udatseketsa nyumba za zisudzo mu London kwa nthawi yaitali pakati pa 1592 ndi 1594.

Pa ngozi iliyonse funsani funso limodzi: kodi ikadapha munthu payokha? Kalata yosafika siipha. Bambo Laurence atamva za vutoli akukonza zokamutenga Juliet n'kumusunga kwawo, kenako alembenso kalata ina. Njirayo ikadatheka Romeo akadakhala ku Mantua tsiku limodzi lokha.

Chachisanu n'chimodzi: musawaphatikize awiriwa

Kupupuluma kwa Romeo ndi kwa Juliet n'kosiyana. Romeo amachita kaye, kuganiza pambuyo. Ngakhale mu gawo 3, kagawo 3, atangomva zoti wapirikitsidwa akudzigwetsa pansi n'kusolola mpeni kuti adzibaye. Juliet amaganiza. Werengani gawo 4, kagawo 3, pomwe ali yekha ndi kabotolo m'manja. Akuunika zoopsa chimodzichimodzi: mwina mankhwala sagwira, mwina wansembe wamupatsa chiphe kuti abise manyazi ake, mwina adzuka msanga n'kubanika m'manda, mwina apenga pakati pa mafupa a makolo ake. Akumwabe, chifukwa ukwati ndi mawa ndipo aliyense amene akadamuthandiza wamufulatira. Mtsikanayu nzeru ali nazo. Chomwe wamanidwa ndi nthawi.

Pomaliza: gwiritsani ntchito pepala lanu

Ngati mukulemba chimangirizo, mfundo iliyonse iyende ndi tsiku, gawo ndi chenjezo lomwe lidanyozedwa. Kulemba kuti "Romeo adali wopupuluma" wina aliyense angathe. Kulemba kuti adapha Tybalt patangopita ola limodzi chikwatirireni, lamulo la Kalonga lili chiperekedwere dzulo lake, kukuonetsa kuti mwawerenga. Zitsanzo zitatu zofotokozedwa bwino zimaposa khumi zongotchula, ndipo chimodzi mwa zitatuzo chikhale cha munthu wamkulu.

Ngati mukuchita sewero, liwiro limveke m'thupi mwa ochita. Gawo 1 liyende momasuka, ndi nthabwala zake zonse. Kuyambira imfa ya Mercutio, otsatira azilowa otuluka asanamalize kutuluka. Za kumanda muzisamale kwambiri, makamaka ngati oonerera ndi ana asukulu. Kudzipha kwa achinyamata ndi vuto lomwe lilipo pakati pathu, ndipo sindikondwa kuona imfa ya awiriwa ikukometsedwa ndi nyimbo zachikondi ngati chinthu chosiririka. Juliet ayambe kugwedeza chala Romeo atangogwa, wansembe alowe akupuma mwawefuwefu, kuti woonerera aone kuti imfayi inali yopeweka. Mukamaliza khalani pansi ndi oonererawo, muwafunse malo omwe wina akadaima.

Seweroli ndi lalitali ndipo magulu ambiri amadulako. Dulani kwina, koma musakhudze gawo 4, kagawo 2, pomwe a Capulet akusintha tsiku la ukwati, ndi gawo 5, kagawo 2, pomwe Bambo John akubweza kalata. Tizigawo tiwiriti n'tatifupi, ndipo popanda ito woonerera sangamvetse chifukwa chomwe Romeo akufikira kumanda wansembe asanafike.