Kuyeza kuwala kwa supernova: kafukufuku wa chaka chomaliza ku yunivesite

Nyenyezi yolemera kuposa dzuwa maulendo 8 kapena kupitirira apo imafa mophulika. Pakati pake pakadzaza chitsulo, mphamvu ya nyukiliya imatha, pakatipo pamagumukira mkati sekondi imodzi isanakwane, ndipo zakunja zonse zimamwazika. Kuphulika kumeneku ndiko kumatchedwa supernova. Wophunzira wa digiri yoyamba sangathe kufufuza zonsezi, koma angathe kuyeza bwinobwino mmene kuwalako kumazilalira tsiku ndi tsiku. Funso lanu likhale laling'ono choncho.

Yambani pa webusaiti ya Transient Name Server, pamene pamalembedwa ma supernova atsopano. Sankhani ya mtundu wa II (yochokera ku nyenyezi yolemera imene idakali ndi haidrojeni), yomwe ili patali ndi pakati pa mlalang'amba wake. SN 2023ixf, imene Koichi Itagaki anaitulukira pa 19 May 2023 mu mlalang'amba wa M101, ndi yabwino kuphunzirirapo chifukwa inayezedwa ndi anthu ambiri, ndiye muli ndi pofananitsa. Ngati dipatimenti ilibe telesikopu, ATLAS ndi ZTF, makafukufuku ojambula thambo mobwerezabwereza, amapereka miyeso yawo kwaulere.

Mukajambula nokha, chithunzi chongochoka mu kamera musachikhulupirire. Chotsani bias ndi dark (zithunzi zojambulidwa kamera itatsekedwa, zoonetsa zimene kamera imawonjezera yokha), kenako gawani ndi flat (chithunzi cha kuwala kofanana paliponse) ya fyuluta yomweyo. Dark ijambulidwe pa kutentha kofanana ndi kwa chithunzi chenichenicho. Flat yakale imasiya timikombero ta fumbi, ndipo supernova ikagwera pa kamkombero kotero, mudzaona ngati yazilala pomwe sinasinthe.

Poyeza, gwiritsani ntchito mapulogalamu a Astropy ndi photutils mu Python. Pezani FWHM ya nyenyezi za pachithunzipo (kufalikira kwa kadontho ka nyenyezi pamene kuwala kwake kwatsika kufika theka), ndipo utali wochoka pakati pa bwalo loyezera kufika m'mphepete ukhale FWHM kuchulukitsa ndi 1.5 kapena 2. Nyenyezi zofananitsira zikhale zosachepera 5, zosasinthasintha, zosathwanima mpaka kudzaza ma pixel, ndipo magnitude yake (muyeso wa kuwala kwa nyenyezi) mutenge m'makatalogi a Pan-STARRS kapena APASS. Patulani imodzi muiyeze ngati kuti ndiyo supernova. Mzere wake pa galafu ukamakwera ndi kutsika, vuto lili kwa inu, osati kumwamba.

Chimene chimagwetsa ambiri ndi kuwala kwa mlalang'amba. Masabata oyamba supernova imaphimba kuwalako, ndiye palibe amadandaula. Pakatha miyezi inayi kapena isanu, kuwala kwa kumbuyoko kumalowerera m'bwalo ndipo galafu imayamba kugona. Mankhwala ake ndi kuchotsera chithunzi chakale cha malo omwewo, chojambulidwa nyenyeziyo isanaphulike, mutayamba mwalinganiza kuti zithunzi ziwirizo zigwirizane malo ndi kuthwa kwake. Musaiwalenso fumbi la pakati pa nyenyezi, lomwe limameza kuwala kwa buluu kwambiri kuposa kofiira.

Galafu ikatuluka, iwerengeni motere. Supernova ya II-P, gulu lina la mtundu wa II, imawala mosasintha kwenikweni kwa masiku pafupifupi 100, kenako imagwa mwadzidzidzi, n'kuyamba kuzilala pang'onopang'ono. Mchira umenewu ndiye pagona nkhani. Kuphulika kumapanga nickel-56, imene theka lake limasanduka cobalt-56 m'masiku 6.1, ndipo theka la cobalt limasanduka chitsulo m'masiku 77. Mphamvu yonse ikakodwa mkati, kuwala konse kumatsika ndi magnitude 0.98 pa masiku 100 alionse. Mchira ukatsika mwachangu kuposa apo, cheza cha gamma chikuthawa. Ukatsika mochedwa, kaikirani kaye mlalang'amba uja musanalengeze kuti zophulikazo zikuwombana ndi mpweya umene nyenyeziyo inataya kale. Kuchuluka kwa nickel mumakupeza pofananitsa mchira wanu ndi wa SN 1987A, imene inapanga nickel yolemera pafupifupi 0.07 ya dzuwa. Nambala iliyonse ikhale ndi malire a kulakwitsa kwake. Oyesa mayeso amayamba kufunsa pomwepo.

Za ntchito ya m'tsogolo: wofuna masitala kapena PhD asunge pulogalamu yake pa GitHub, alembe lipoti lomveka, ndipo apemphe kalata kwa womuyang'anira kudakali nthawi. Amene wakopeka ndi mkati mwa nyenyezi aphunzire MESA, pulogalamu yoyerekezera mmene nyenyezi zimasinthira. Vera C. Rubin Observatory ku Chile izitulutsa machenjezo mamiliyoni a zinthu zosintha kumwamba usiku uliwonse, ndiye odziwa kusefa deta akufunika. Ena amakayendetsa ma telesikopu, ena amaphunzitsa, ndipo ambiri amakalemba mapulogalamu kapena kusanthula deta kumakampani, komwe pofunsidwa ntchito amakuuzani kuti mutsegule pulogalamu yanu ija mufotokoze mzere ndi mzere.