Momwe mungafufuzire mbiri ya Kaputeni Rhoades wa sitima ya Guendolen

Ana asukulu ndi olemba nkhani akafuna munthu wakale woti amufufuze, ambiri amathamangira andale. Koma panyanja yathu ya Malawi panali Edmund Rhoades, kaputeni wa Guendolen, sitima yankhondo ya Angelezi. Mbiri yake mutha kuilondola osawononga ndalama zambiri.

Yambirani ku Mangochi, komwe kale kunkatchedwa Fort Johnston. Pafupi ndi wotchi ya Mfumukazi Victoria pali mfuti ya mtundu wa Hotchkiss yomwe inali pa Guendolen. Ijambuleni, muwerenge zolembedwa pamenepo, kenako mulowe mu Lake Malawi Museum mukafunse za sitimayi.

Chachiwiri, gwirani nkhani ya mu Ogasiti 1914, poti ndiyo inamutchukitsa. Nkhondo yoyamba yapadziko lonse itangoyamba, Rhoades analamulidwa kukaononga sitima ya Majeremani, Hermann von Wissmann. Anaipeza ili pamtunda, ikukonzedwa, ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli m'dziko la Tanzania, ndipo anaiwombera. Akuti Kaputeni Berndt wa sitima ya Majeremaniyo, yemwe anali mnzake wa Rhoades womwa naye, anapalasa bwato kudzamufunsa ngati waledzera, pakuti uthenga wa nkhondo unali usanamupeze. Mbali imeneyi imakoma pokamba, n'chifukwa chake muyenera kuisamala. Aliyense woifotokoza amathirako mchere wake, ndiye lembani kuti wanena ndani, ananena liti, ndiponso ngati analipo tsikulo.

Mukatero pitani ku zikalata. Ku Zomba kuli National Archives, koma musayembekezere zambiri za nthawi imeneyo, chifukwa moto wa mu 1919 unapsereza mafayilo ochuluka a boma. Zambiri zomwe bwanamkubwa ankatumiza ku London zinasungidwa ku Kew, kosungira zikalata za boma la Britain, m'gulu la CO 525, ndipo mndandanda wake mutha kuufufuza pa intaneti. Ku Blantyre, laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ili ndi magazini akale a Nyasaland Journal. Pofufuza yesani dzina la sitimayi m'malembedwe awiri, Guendolen ndi Gwendolen, apo ayi zina zikudutsani.

Musasokoneze maulendo awiri. Wissmann sinatheretu mu 1914. Angelezi anabwereranso ku Sphinxhaven mu Meyi 1915, ndipo ulendowo wotsogolera panyanja anali George Dennistoun.

Osaiwalanso nsomba. Rhoades ankatola nsomba za m'nyanjayi n'kumazitumiza kwa akatswiri ku London, ndipo ina, Chilotilapia rhoadesii, inatchedwa dzina lake mu 1908.

Sitepe lovuta ndi lotsiriza. Sitima yoyendera nthunzi imafuna osonkha moto, odula nkhuni ndi amalinyero, ndipo ambiri mwa iwo anali anthu akuda a m'mbali mwa nyanja, omwe malipoti a atsamunda sankawatchula kawirikawiri. Pitani kwa mafumu ndi akuluakulu a ku Mangochi ndi Nkhata Bay, mufunse mabanja omwe agogo awo ankagwira ntchito m'sitima za boma, ndipo mupemphe chilolezo musanajambule mawu awo.