Kumasula transfer case ya 4x4 nkuikonza wekha

Ngati galimoto ikumalira khokhokho mukaponda faya mu 4WD, kapena giya ya 4L (giya yamphamvu yoyendera pang'onopang'ono) ikumangotuluka yokha, nthawi zambiri vuto limakhala tcheni kapena shift fork (kachitsulo kokankha magiya) ya mu transfer case, bokosi logawa mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo.

Yambani ndi kumasula pulagi yothirira oilo, kenako ya pansi yokhetsera, chifukwa mukakhetsa kaye nkupeza yam'mwambayo yakakamira ndiye mwagwira njakata. Onani kamaginito ka pa pulagi yokhetserayo ngati kalipo, tizitsulo tosalala ngati phulusa sivuto koma mukapeza tizidutswa ndiye kuti mkatimo zinthu zadyana.

Ikani chizindikiro pa ma propshaft (zitsulo zazitali zopititsa mphamvu ku matayala) onse awiri musanachotse, muzule mawaya a sensa ndi linkage (zitsulo zolumikiza ndodo ya giya), muike jeke pansi pa transfer case poitsitsa, chinthuchi ncholemera musachidelere.

Potsegula, kesi yake nthawi zambiri imakhala ya aluminiyamu, musakhomere sikuludiraiva pamalo pokumanirana mbali ziwiri za kesiyo, mukakanda pamenepo izidontha mpaka kale. Menyani pang'onopang'ono ndi hamala ya labala. Ndipo jambulani pafoni chilichonse musanachotse, ma snap ring (timphete totsekera) ndi mawasha aja amafanana koopsa, ine ndinabwezapo imodzi chozondoka nkumasulanso zonse.

Tcheni ikakhala yolendewera mpaka kukhula kesi, isintheni, muonenso mano a ma sprocket, magiya amene tcheniyo imayendapo. Mapadi a pulasitiki a pa fork amatha msanga. Bearing iliyonse izungulitseni ndi chala, ikamakhwekhwereza itayeni. Ma seal ikani atsopano onse basi.

Potseka pakani silikoni pang'ono chabe, wambiri amakatseka sefa ya pampu ya oilo. Oilo onani buku la galimotoyo, zina zimafuna ATF (oilo wa giyabokosi ya otomatiki) zina giya oilo, thirani mpaka ayambe kutulukira pabowo lothirira.